Makina oona m'kati mwa mutu anayamba bwanji?

FUNSO: Ine ndimakhala kufupi ndi doko la Kachulu, kwa Mfumu Yaikulu Mwambo ku Zomba. Chaka chatha mdzukulu wanga anadwala malungo mpaka kukomoka, ndipo atamutumiza ku chipatala chachikulu, madokotala anati amujambula m'mutu. Mulungu ndi wabwino, mwanayo anachira. Koma mpaka lero mtima sunakhazikike. Munthu angaone bwanji ubongo osang'amba mutu? Nzeru imeneyi anayamba ndani? Agogo a ku Kachulu.

YANKHO: Agogo, tayamba tathokoza kuti mdzukulu wanu ali moyo. Funso lanu latikondweretsa chifukwa nkhaniyi inayambira kutali, koma mbali ina yaikulu inachitikira kwathu konkuno, ku Blantyre.

Chiyambi chake ndi ekisire. Pa 8 November 1895, katswiri wa ku Germany, Wilhelm Röntgen, anatulukira cheza chosaoneka ndi maso chimene chimadutsa mnofu koma n'kutsekerezedwa ndi fupa. Atajambula dzanja la mkazi wake, mafupa ndi mphete zinaoneka poyera. Kwa munthu wothyoka mwendo imeneyi inali mphatso yaikulu, koma ubongo unabisalabe, pakuti umakhala m'chigaza ndipo chigaza ndi fupa lokhalokha.

Panadutsa zaka zoposa 70. Injiniya wa ku England, Godfrey Hounsfield, anaganiza zozunguliza chezacho kumutu, kujambula mbali zonse, kenako kompyuta n'kuphatikiza zonsezo kukhala zithunzi zooneka ngati mutu wadulidwa mapisimapisi, monga mmene mumadulira nkhaka. Amenewa ndiwo makina a CT, amene ambiri amangoti sikani. Wodwala woyamba anajambulidwa mu October 1971 ku London, ndipo chotupa cha mu ubongo wake chinaoneka. Masamu a njira imeneyi anali atawalemba kale Allan Cormack, mbadwa ya ku Johannesburg, ndipo awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1979.

Kenako kunabwera MRI, imene siigwiritsa ntchito cheza cha ekisire n'komwe. Thupi lathu ndi madzi ambiri. Munthu akagona m'kati mwa maginito amphamvu, tizigawo tating'onoting'ono ta m'madziwo timayang'ana mbali imodzi. Makinawo amatigwedeza ndi mafunde onga a wailesi, ndipo pobwerera m'malo mwake timatulutsa kachizindikiro kamene kompyuta imasandutsa chithunzi. Popeza ubongo wabwino ndi ubongo wotupa sasunga madzi mofanana, kusiyana kwake kumaoneka bwino. Paul Lauterbur wa ku America anasonyeza njirayi mu 1973, Peter Mansfield wa ku Nottingham anaifulumizitsa, ndipo onse analandira Nobel mu 2003.

Tsopano tibwere kwathu. Inu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kumene mitsinje ya Likangala ndi Domasi imathira m'madambo ndipo minda ya mpunga imasunga madzi miyezi yambiri, udzudzu simuchita kuufunsa. Malungo a mu ubongo mumawadziwa: mwana watentha thupi dzulo, lero walumitsa mano, maso atembenuka, mukamuitana sakuyankha. Kwa zaka zambiri madokotala ankapereka mankhwala oyenera, tizilombo ta malungo n'kumafa m'magazi, koma ana ena ankangosiya kupuma. Chenicheni chowapha sichinkadziwika.

Dokotala Terrie Taylor wa ku Michigan State University anayamba kufufuza nkhaniyi mu 1986 pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timachitcha Gulupu, pamodzi ndi Pulofesa Malcolm Molyneux. Kumeneko ndi kumene kunachokera muyeso wa kukomoka kwa mwana wotchedwa Blantyre Coma Scale, umene lero ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Kumenekonso Dokotala Susan Lewallen anaona kuti malungo amenewa amasiya zizindikiro m'kati mwa diso, moti dokotala akaunika diso ndi kagalasi ka tochi amatha kusiyanitsa mwana wa malungo a mu ubongo ndi wokomoka chifukwa cha matenda ena.

Mu 2008 pa Gulupu panafika makina a MRI oyamba m'Malawi muno, opangidwa ndi kampani ya General Electric. Mmodzi mwa owerenga zithunzi za ana odwala malungo a mu ubongo anali mwana wa dziko lino, Dokotala Sam Kampondeni. Zotsatira za kafukufukuyu zinatuluka mu March 2015 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, wotsogolera kulemba ali Dokotala Karl Seydel. Pa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira. Mwa 25 amenewo, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa 143 amene anachira, otupa chotero anali 39 okha, ndipo kutupako kunkaphwa pakapita masiku.

Taganizani, agogo. Mwendo ukatupa uli ndi kolowera, khungu limatanuka. Ubongo ulibe. Ukatupa umapanikizika m'chigaza, n'kutsikira pansi cha kunkhongo, n'kufinya tsinde la ubongo limene limayendetsa mpweya. Mwana amasiya kupuma mtima ukugundabe. Ife timaona kuti ichi ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene dziko lino lapereka ku zachipatala, ndipo ulemu woyamba upite kwa makolo amene, mwana ali chikomokere, anavomera kuti ajambulidwe pofuna kuthandiza ana a anzawo. Kuchokera pamenepo ofufuza anayamba kuyesa ngati makina othandiza kupuma angasunge mwana mpaka kutupako kutaphwa.

FUNSO LINA LA AGOGO: Anthu ena kwathu kuno akuti makina amenewa amayamwa magazi, ena akuti amafupikitsa moyo. Kodi n'zoona?

YANKHO: Si zoona. MRI siikhudza magazi. Imasokosa kwambiri ndipo imafuna munthu agone osagwedezeka, basi. Choopsa chake ndi chitsulo, chifukwa maginito aja amakoka mwamphamvu: ndolo, makiyi, mapini a m'tsitsi zonse zimatsala panja, ndipo amene anaikidwa chitsulo m'thupi anene asanalowe. Ekisire ndi CT zili ndi cheza chimene sichifunika kuchilandira pafupipafupi popanda chifukwa, n'chifukwa chake mayi woyembekezera ayenera kuuza dokotala msanga.

Makinawa sathandiza pa malungo pokha. Munthu amene wagwa pa kabaza n'kumenyetsa mutu, wofa ziwalo mwadzidzidzi, wa khunyu losamva mankhwala, kapena amene TB yalowa m'mafupa a msana miyendo n'kuyamba kulefuka, onsewa chithunzi chimawauza madokotala pamene pali vuto. Tingopempha kuti munthu amene wavulala khosi pangozi musamunyamule pamsana kapena kumukhazika pa njinga. Mugonekeni pa thabwa kapena chitseko, mutu usagwedezeke.

Koma tinene zoona: makina si mankhwala, ndipo ana ambiri amene amachira malungo sajambulidwa n'komwe. Chimene chimawapulumutsa ndi kufika msanga. Kuchokera ku Kachulu, ndiponso kwa a pachilumba cha Chisi amene amayamba adikira bwato, ulendo wa ku Zomba ndi wautali, ndipo nthawi ya dzinja msewu umavuta. Tsiku limene limathera pofunsa amene walodza mwana, ubongo umakhala ukutupa. Mwana akatentha thupi, akayezedwe tsiku lomwelo, ndipo akamupeza ndi malungo, mankhwala a LA amwe mpaka kumaliza. Akayamba kukomoka, kusanza chilichonse kapena kukanika kuyamwa, musadikire kuche. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu za mankhwala a artesunate oika kumbuyo, amene amagwiriziza mwana panjira, kenako thamangirani naye kuchipatala akalandire jakisoni.

Agogo, mdzukulu wanuyo muzimuyang'anitsitsa. Ana ena ochira malungo a mu ubongo amadzayamba kugwa khunyu, kuvutika kulankhula kapena kusagwira za kusukulu patapita miyezi. Mukaona zotere musamukalipire, bwererani naye kuchipatala, ndipo usiku uliwonse azigona m'neti.