Timu yomwe inaphunzira kulankhula ndi manja

Kuno ku Nkhata Bay baseball sitiidziwa. Ndi masewero a ku America: wina amaponya mpira ndi dzanja, mnzake n'kuumenya ndi chibonga kenako n'kuthamanga. Koma m'mbiri yake muli nkhani yomwe yandikhala pamtima.

Mu 1880, msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva ku Milan unagamula kuti chinenero chamanja chichoke m'kalasi, ana aziphunzitsidwa kuwerenga milomo. Patangopita zaka zitatu, Ed Dundon, munthu wosamva, anayamba kusewera mu ligi yaikulu ku Columbus. Mu 1888 kunabwera William Hoy, yemwe anasiya kumva ali mwana atadwala meningitis, ndipo poyamba ankasoka nsapato. Anasewera mpaka 1902. Ankamutchula "Dummy", dzina lopweteka ngati "gonthi" wathuyu, ngakhale mwiniwake analivomera.

Anthu amakonda kunena kuti Hoy ndiye anayambitsa zizindikiro zamanja zomwe oyimbira baseball amagwiritsa ntchito. Akatswiri a mbiri amatsutsanapo, ndipo ine sindiona chifukwa chokakamirira pamenepo. Yondigwira mtima ndi ya Luther Taylor, woponya mpira wa New York Giants pakati pa 1900 ndi 1908. Mphunzitsi wa timuyo, John McGraw, munthu wodziwika ndi ukali, anaphunzira chinenero chamanja, osewera enanso n'kutsatira. Tangoganizani, anthu akumva bwinobwino ndiwo anavutikira kuti amvane ndi mnzawo mmodzi. Osati chifukwa cha chisoni ayi. Taylor ankawapambanitsa: mu 1904 anapambana masewero 21.

Atatuwa sanangotulukira. Dundon ndi Hoy anaphunzira pa sukulu ya osamva ya ku Ohio, Taylor ya ku Kansas, ndipo anafika poonedwa ndi matimu a anthu akumva.

Nafenso m'boma lino tili ndi sukulu ya ana osamva ku Bandawe, kufupi ndi Chintheche, ya sinodi ya Livingstonia. Vuto limabwera mwana wokonda mpira akatuluka pamenepo. Pabwalo lathu chilichonse chimadalira khutu: wezulo, kukuwa kwa kochi, mnzako akuti "tiye nawo!" M'mipikisano ya osamva oyimbira amakweza mbendera, kansalu komwe telala wa pamsika angasoke ndi zotsalira. Koma pa magemu onse omwe ndaonerapo m'tauni muno, oyimbira wapakati amangoliza wezulo basi.