Ngongole ya lendi: kodi wachibale angakakamizidwe kulipira?

Munthu akatulutsidwa m'nyumba ya lendi chifukwa cholephera kulipira, ngongole yake sithera pomwepo. Mwininyumba amakhalabe ndi ufulu woitanitsa ndalama zake. Koma wangongoleyo akasowa, monga zimachitikira ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi, eni nyumba ambiri amagogoda pakhomo pa mkazi wake, mchimwene wake kapena malume ake.

Mfundo yaikulu

Malamulo a mapangano amene makhoti a m'Malawi amatsata amati pangano limamanga okhawo amene adalowamo. Ubale kapena ukwati pawokha susamutsira ngongole kwa munthu wina. Ngakhale mwana wamkulu amene ankagona m'nyumbamo sakhala wangongole pa chifukwa chimenecho chokha.

Pamene wachibale amakhudzidwa

Choyamba ndi pamene wachibaleyo adalowa nawo panganolo monga wochita lendi. Apo ngongoleyo ndi yakenso.

Chachiwiri ndi pamene adalonjeza kuti adzalipira wochita lendiyo akalephera. Lamulo la ku England la 1677 lotchedwa Statute of Frauds, lomwe dziko lino lidatengera kuchokera m'nthawi ya atsamunda, limafuna kuti lonjezo lotere likhale lolembedwa ndi kusainidwa. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Wosaina ngati mboni amangotsimikizira kuti adaona anthuwo akusaina, ndipo salonjeza kulipira kalikonse. Chimene chimaunikidwa ndi mawu amene ali papepalapo.

Chachitatu ndi imfa. Wangongole akamwalira, lendiyo imalipidwa kuchokera ku chuma cha masiye chisanagawidwe. Woyang'anira chumacho ndiye amalipira, koma osati kuchokera m'thumba mwake kapena mwa ana amasiye. Kagawidwe ka chuma chotere kamatsata lamulo la 2011 la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act.

Njira yoitanitsira

Ngongole ya lendi si mlandu waupandu, choncho kwake ndi kukhoti osati kupolisi. Mwininyumba amasumira wangongoleyo, ndipo lamulo la Limitation Act limamupatsa zaka 6 zochitira zimenezi. Khoti likagamula koma ndalama osaperekedwa, masherifu ndiwo amalanda katundu wa wangongoleyo. Akatenga wa wachibale, mwini wake angadandaule kukhoti, ndipo malisiti amathandiza kusonyeza kuti katunduyo ndi wake.

Chofunika kusamala

Wachibale angathe kulipira mwa kufuna kwake pofuna kusunga mbiri ya banja, ndipo palibe choletsa. Choopsa ndi kusaina kalata yolonjeza kulipira ali ndi mantha kapena manyazi, pakuti kalatayo ingamuike m'ngongole imene poyamba sinali yake. Amene sangakwanitse kulipira loya angapemphe uphungu ku Legal Aid Bureau asanasaine chilichonse.