Mbiri ya chisamaliro cha anamwino kwa odwala sitiroko

Sitiroko ndi matenda akale kwambiri. Madokotala a ku Greece a m'nthawi ya Hippocrates, zaka zoposa 2,000 zapitazo, ankawatchula kuti apoplexia, kutanthauza kukanthidwa, chifukwa munthu ankangogwa ngati wamenyedwa ndi chinthu chosaoneka. Mu 1658, dokotala wa ku Switzerland, Johann Jakob Wepfer, atapima mitembo ya anthu amene anafa motere, anapeza kuti mwa ena magazi anali atatayikira mu ubongo. Anafotokozanso kuti kutsekeka kwa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo kungabweretse vuto lomweli. Mitundu iwiri imeneyi ndi imene ikuphunzitsidwabe m'sukulu za zaumoyo. Komabe kudziwa gwero la matendawa sikunasinthe zambiri pa bedi la wodwala. Kwa zaka pafupifupi 300 zotsatira, munthu wofa mbali imodzi ankagonekedwa, kudyetsedwa ndi kudikiriridwa basi. Mpaka m'zaka za m'ma 1800, madokotala ambiri ankamukhetsanso magazi poganiza kuti akumuthandiza.

Odwala amene ankapyola masiku oyambirira nthawi zambiri sankafa ndi bala la mu ubongo lenilenilo. Ankafa ndi chibayo chobwera chifukwa chakudya chalowera kum'mero wa mpweya, ndi zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, ndi matenda a m'chikhodzodzo, kutha kwa madzi m'thupi, kapena magazi oundana m'mwendo amene amathothoka n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Zonsezi zili m'manja mwa namwino. Florence Nightingale anali ataziona kale izi: m'buku lake la 1859, Notes on Nursing, ananena kuti chilonda cha pabedi kawirikawiri chimasonyeza kupereŵera kwa chisamaliro osati kukula kwa matenda. Koma m'zipatala za anthu osauka ku Britain, kumene odwala sitiroko ambiri ankathera, maganizo amenewa anatenga nthawi yaitali kuti afikeko.

Mu 1935, chipatala cha West Middlesex, kumadzulo kwa London, chinatenga nyumba ina yoyandikana nayo imene munkasungidwa anthu osauka odwala matenda amgonagona. Munali odwala 714, ndipo anaperekedwa m'manja mwa dokotala wamayi, Marjory Warren. Ambiri anali atagona zaka, miyendo itapindikiratu, ndipo ankangotengedwa ngati anthu osachiritsika. Warren anawapima mmodzimmodzi, chinthu chimene sichinkachitika kwa anthu oterewa. Anawagawa m'magulu potengera zimene akanatha kuchita, ndipo iye pamodzi ndi anamwino anayamba kuwadzutsa, kuwakhazika pampando, kuwaphunzitsa kudya okha ndi kuyenda. Ena amene ankaganiziridwa kuti adzafera momwemo anatuluka n'kubwerera kwawo. Odwala ofa mbali imodzi ankawaikira mtima mwapadera. Mu 1947, dokotala wina wa ku London, Richard Asher, analemba nkhani m'magazini ya British Medical Journal yofotokoza mmene kugona pabedi nthawi yaitali kumawonongera mapapo, mitsempha, khungu, mafupa ndi maganizo. Bedi linayamba kuonedwa ngati mankhwala amene ali ndi mlingo wake, ndipo ukapyola mlingowo limavulaza.

Pa nkhani ya khungu, phunziro lalikulu linachokera kwa odwala a mtundu wina. Ludwig Guttmann atatsegula wodi ya anthu ovulala msana ku Stoke Mandeville mu 1944, analamula kuti odwala azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Namwino Doreen Norton ndi anzake anayesa njirayi pa okalamba, ndipo mu 1962 anasonyeza kuti kutembenuza wodwala pafupipafupi kumachepetsa zilonda. Anakonzanso sikelo yodziwira amene ali pachiopsezo. Sikeloyi imayang'ana zinthu zisanu: mmene thupi lilili, mmene mutu ukugwirira ntchito, kutha kuyenda, kutha kudzitembenuza, ndi kudziyipitsira kapena kudzikodzera. Chilichonse chimapatsidwa mapointi 1 mpaka 4, ndipo wopeza 14 kapena kucheperapo amafunika kumuyang'anira kwambiri. Uyu anali mmodzi mwa makafukufuku oyambirira ku Britain ochitidwa ndi namwino pa ntchito ya unamwino, ndipo sikelo ya Norton ikugwirabe ntchito.

M'zaka za m'ma 1970 munabwera zida ziwiri. Makina a CT anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, ndipo kusiyanitsa kutayika kwa magazi ndi kutsekeka kwa mtsempha mwa munthu wamoyo kunayamba kuphweka. Mu 1974, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anatulutsa Glasgow Coma Scale, imene inathandiza kuti namwino wa usiku ndi wa masana azilemba kutsitsimuka kwa wodwala m'njira yofanana.

Funso limene linatsala linali lakuti: kodi kusonkhanitsa odwala sitiroko m'wodi imodzi, yokhala ndi ogwira ntchito ophunzitsidwa, kumapulumutsadi miyoyo? Ambiri ankakayika, popeza panalibe mankhwala atsopano oti wodiyo ipereke. Yankho lomveka bwino linachokera ku Trondheim m'dziko la Norway. Bent Indredavik ndi anzake anagawa odwala 220 mwa maere, theka ku wodi ya sitiroko, theka ku mawodi wamba. Zotsatira zinatuluka mu 1991. Patatha masabata 6, odwala pafupifupi 7 pa 100 aliwonse a m'wodi ya sitiroko anali atamwalira, pomwe kumawodi wamba anali 17 pa 100 aliwonse. Amene anali atabwerera kwawo anali 56 pa 100 aliwonse mbali imodzi, ndi 33 mbali inayo. Ofufuzawo atawatsatira odwalawa kwa zaka 5, kenaka 10, kusiyanako kunali kukuonekabe.

Chimene chinkachitika m'wodimo n'chosadabwitsa kwa namwino aliyense. Odwala ankadzutsidwa msanga, ankapatsidwa madzi a m'dilipi kuti thupi lisaume, kutentha thupi kunkatsitsidwa mwachangu, ndipo anamwino anaphunzitsidwa kupitiriza mafizo pa ntchito za tsiku ndi tsiku monga kusambitsa ndi kudyetsa. Mu 1993, Peter Langhorne ndi anzake ku Glasgow anaphatikiza zotsatira za makafukufuku 10 ndipo anapeza kuti mawodi otere amachepetsa imfa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi m'miyezi yoyambirira. Patangotha zaka ziwiri, mu 1995, kafukufuku wa ku America anasonyeza kuti mankhwala a alteplase amasungunula magazi oundana ngati aperekedwa m'maola atatu oyamba. Mankhwalawa ndi amene anatchuka kwambiri. Koma amafuna CT ndiponso wodwala wofika msanga, choncho amafikira anthu ochepa, pomwe wodi yolongosoka imathandiza aliyense wogonekedwamo.

Umboni woti dzanja la namwino palokha limasintha zotsatira unabwera mu 2011. Sandy Middleton, yemwe ndi namwino, anatsogolera kafukufuku wotchedwa QASC m'mawodi 19 a sitiroko ku New South Wales m'dziko la Australia. Mawodi ena anaphunzitsidwa ndondomeko ya zinthu zitatu m'maola 72 oyamba: kuyeza kutentha kwa thupi maola anayi aliwonse ndi kupereka paracetamol kukafika 37.5, kuyeza shuga wa m'magazi ndi kumutsitsa akakwera, komanso kuyesa ngati wodwala akumeza bwino asanapatsidwe chakudya, madzi kapena mapiritsi. Patatha masiku 90, odwala 58 pa 100 aliwonse a m'mawodi osaphunzitsidwa anali atamwalira kapena ankadalira anthu ena, poyerekeza ndi 42 a m'mawodi ophunzitsidwa. Kusiyana kwakukulu chonchi n'kosowa ngakhale pa mankhwala okwera mtengo.

Si zonse zimene anamwino ankazikhulupirira zimene zinapirira kuyesedwa. Masokosi othina ankavekedwa odwala kwa zaka zambiri pofuna kupewa kuundana kwa magazi m'miyendo. Kafukufuku wa CLOTS mu 2009 anasonyeza kuti sathandiza odwala sitiroko, ndipo amachulukitsa zilonda za pakhungu. Mu 2015, kafukufuku wa AVERT wa odwala oposa 2,000 anapeza kuti kudzutsa wodwala pafupipafupi ndi mwamphamvu m'maola 24 oyamba kumachepetsa mwayi wochira bwino. Izi sizinabwezeretse chizolowezi chakale chogoneka anthu masabata. Zinangosonyeza kuti changu nacho chili ndi malire.

Kafukufuku amene akukhudza kwambiri mayiko a anamwino ochepa ndi wa ATTEND, wochitikira m'zipatala 14 ku India ndipo anatuluka mu 2017. Mwa odwala 1,250, theka achibale awo anaphunzitsidwa kuwathandiza kuchita mafizo ndi kuwasamalira kunyumba. Patatha miyezi 6, omwalira kapena odalira ena anali 47 pa 100 aliwonse mbali zonse ziwiri. Zotsatirazi zinakhumudwitsa ambiri. Sizikutanthauza kuti kuphunzitsa achibale n'kopanda pake, koma zikusonyeza kuti maphunziro a masiku ochepa sangalowe m'malo mwa gulu la ogwira ntchito ophunzitsidwa.

Ku Malawi, odwala sitiroko ambiri amagonekedwa m'mawodi wamba, ndipo amene amawadyetsa, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza ndi magadiyani. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Kafukufuku wa Laura Benjamin ndi anzake pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wotuluka mu 2016, anasonyeza kuti kuthamanga kwa magazi ndi kumene kumatsogola pakati pa achikulire, pomwe mwa achinyamata HIV ili ndi gawo lalikulu, makamaka kwa amene sakumwa mankhwala ndiponso m'miyezi 6 yoyamba ya ma ARV. Choncho wodwala wa pa bedi la kuno akhoza kukhala mayi wa zaka 35 wa ana aang'ono.

Pa zinthu zitatu za QASC, kuyeza shuga kumadalira ngati timapepala toyezera tilipo, ndipo kuyeza thupi maola anayi aliwonse kumadalira chiwerengero cha anamwino pa shifiti. Kuyesa kumeza kumangofuna supuni, madzi oyera ndi wodwala wokhazikidwa tsonga, koma kuyenera kuchitika msanga, chifukwa gadiyani akaona m'bale wake watsegula maso amathamangira kukamuphikira phala. Wodwala akakhosomola, kutsamwa kapena mawu ake akamveka ngati muli madzi kukhosi, asapatsidwe kanthu pakamwa mpaka atapimidwanso, ndipo gadiyani auzidwe chifukwa chake tsiku lomwelo.