Kulira Agogo Amene Ubale Unasokonekera

Imfa ya agogo amene mdzukulu anasiya kuyenderana nawo imabweretsa chisoni chosiyana ndi cha maliro ena. Chimabwera pamodzi ndi mkwiyo, manyazi ndi kudziimba mlandu, ndipo mwina misozi osatuluka n'komwe. Pakati pa Achewa, kutalikirana kotere kumayamba kawirikawiri banja la makolo likatha. Ana ndi mbumba ya kuchikazi, choncho agogo akuchimuna amaiwalika pang'onopang'ono. Mikangano ya minda ndi mchitidwe woipa wonamizira okalamba ufiti zimadulanso ubale. Mu 1989, katswiri wa ku America, Kenneth Doka, anafotokoza za chisoni chimene anthu ena sachiwerengera. Cha mdzukuluyu n'chotero, pakuti ambiri samupepesa poganiza kuti palibe chimene wataya.

Miyambo ya maliro siyamba yafunsa ngati panali chikondi, imayang'ana ubale. Pachichewa, udani suletsa munthu kukagona pasiwa, ndipo wosafika ndiye amene anthu amamukayikira. Womwalira amakhala mzimu woyang'anira mbumba yake. Maliro akaikidwa pamakhala kumeta, ndipo pakapita miyezi amafulula mowa wa mwambo wotsiriza, pomwe Gule Wamkulu amavina ngati malemuwo anali olowa gule. Munthu amene wapita ali ndi chakukhosi amaopedwa, chifukwa amakhulupirira kuti atha kubwera kutulo kapena kudwalitsa ana. Zikatero akuluakulu amatsira nsembe ya ufa kapena mowa patsinde pa mtengo, kutchula dzina lake, n'kumupepesa. Kutcha khanda dzina la agogo ndi njira inanso yowabwezera pakhomo. Masiku ano mabanja ambiri amakumana pomanga chiliza, ndipo wachibale amene anali kutali amapeza mpata wosonkhako.

Akhristu amasiyana pankhaniyi. Akatolika amakhulupirira kuti mapemphero a amoyo amathandiza mizimu ya ku Purigatoriyo, motero mdzukulu atha kuperekera agogo ake Misa. Pa 2 Novembala mpingowu umakumbukira akufa onse. Mipingo ngati CCAP sipempherera akufa: mwambo wa maliro ndi wotonthoza otsala, ndipo zolakwirana zimatulidwa kwa Mulungu.

M'Chisilamu, kudula ubale ndi tchimo lalikulu. Mtembo umasambitsidwa, kukulungidwa m'sanda, kuswalidwa ndi kuikidwa mwachangu. Kulira ndi kwa masiku 3, kupatula mkazi wamasiye amene amakhala miyezi 4 ndi masiku 10. Komabe khomo lochitira malemu zabwino silitsekeka: wachibale atha kuwapempherera duwa, kuwalipirira ngongole ndi kupereka sadaka m'dzina lawo. Pakati pa Ayao a ku Mangochi ndi Machinga, ambiri amachita sadaka ya tsiku la 40, ngakhale Asilamu ena amatsutsa mwambowu.

Ku Asia kuli nyengo zoikika zokumbukira makolo. Ahindu, pa masiku a Pitru Paksha, amapereka chakudya ndi madzi kwa mibadwo itatu ya makolo, agogo ali momwemo. Ku China anthu amasesa manda pa Qingming, kumayambiriro a Epulo.

Chiyuda chili ndi malamulo olunjika kwambiri pa vutoli. Masiku 7 a kulira, otchedwa shiva, amakhudza atate, amayi, mwana, mbale, mlongo ndi mwamuna kapena mkazi wa malemu. Mdzukulu sakakamizidwa, koma atha kukhala nawo, kuyatsa kandulo chaka ndi chaka pa tsiku la imfa, kapena kunena pemphero la Kaddish ngati palibe wina wolinena. Munthu amene analakwira mnzake, mnzakeyo n'kumwalira asanapepesedwe, buku la Talmud limamulamula kutenga anthu 10 kupita nawo kumanda, n'kuvomereza kulakwa kwake pamaso pawo.