Cristina Duarte: Mayi Amene Anasunga Thumba la Dziko la Cabo Verde kwa Zaka Khumi

Mayi Cristina Duarte ndi katswiri pa zachuma amene anali nduna ya zachuma ya dziko la zilumba la Cabo Verde kuyambira m'chaka cha 2006 mpaka 2016. Iwo analowa pa udindowu dzikoli litatsala pang'ono kuchotsedwa m'kaundula wa maiko osaukitsitsa, ndipo zaka zawo zonse m'boma anazithera pa funso limodzi lomwe limasautsanso maiko ambiri a mu Africa: kodi dziko lopanda chuma cha pansi pa nthaka lingalipire bwanji chitukuko chake pamene thandizo la kunja layamba kuchepa?

Dziko lomwe anatumikira

Cabo Verde, yomwe mpaka m'chaka cha 2013 inkadziwika kwa ambiri ndi dzina loti Cape Verde, ndi gulu la zilumba khumi za m'nyanja ya Atlantic, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku gombe la Senegal. Anthu amakhala pa zilumba zisanu ndi zinayi, ndipo chiwerengero chawo ndi pafupifupi theka la miliyoni. Dzikoli linalandira ufulu wodzilamulira kuchoka m'manja mwa Portugal pa 5 July 1975, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Praia.

Mvula imagwa mwa apo ndi apo, malo olimika ndi ochepa, ndipo chakudya chambiri chimachokera kunja. Ndalama zimalowa kudzera mwa alendo okaona malo, makamaka pa zilumba za Sal ndi Boa Vista, komanso kudzera mwa nzika zomwe zimakhala ku United States, Portugal ndi maiko ena a ku Ulaya, zomwe zimatumiza thandizo kwa abale kumudzi.

Chinanso chomwe chimamanga manja nduna ya zachuma ya dzikoli ndi ndalama yake, escudo. Kuyambira mu 1998 mphamvu ya escudo inalumikizidwa ku ndalama ya Portugal, kenako ku yuro, pa mlingo wosasintha wa ma escudo 110.265 pa yuro imodzi. Izi zimathandiza kuti mitengo ya katundu isamakwere chisawawa, koma zimatanthauzanso kuti boma silingachepetse mphamvu ya ndalama pofuna kuthawa mavuto. Chida chachikulu chomwe chimatsala m'manja mwa boma ndi bajeti: misonkho, ngongole ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama.

Maphunziro ndi ntchito zoyamba

Mayi Duarte anabadwa m'chaka cha 1962 mumzinda wa Lisbon ku Portugal. Bambo awo, a Manuel Duarte, anali m'gulu la anthu omwe ankalimbana ndi ulamuliro wa atsamunda. Mayiwa anaphunzira zachuma pa yunivesite ina ya mumzinda wa Lisbon, ndipo pambuyo pake anakatenga digiri yachiwiri ya zoyendetsa malonda pa sukulu ya Thunderbird ku Arizona, m'dziko la United States.

Asanalowe ndale, anatsogolera nthambi ya kafukufuku ndi mapulani mu unduna wa zaulimi ku Cabo Verde. Anagwiranso ntchito ku banki ya Citibank ku Kenya, komwe anakwezedwa mpaka pa udindo wa mmodzi mwa achiwiri kwa mtsogoleri wa bankiyo. Anayang'aniranso ntchito ina yothandizidwa ndi Banki Yaikulu pa Dziko Lonse, yomwe cholinga chake chinali kulimbikitsa mabizinesi omwe si aboma. Motero pamene nduna yaikulu José Maria Neves, ya chipani cha PAICV, inawaitana kulowa m'boma mu 2006, iwo anali atadziwa kale mbali zonse ziwiri: ya wobwereka ndi ya wobwereketsa.

Kutuluka m'gulu la osaukitsitsa

Mu December 2007 bungwe la United Nations linachotsa Cabo Verde m'kaundula wa maiko osaukitsitsa. Linali dziko lachiwiri m'mbiri kuchita zimenezi, kutsatira Botswana yomwe inatuluka mu 1994. Kusiyana kwake n'kwakuti Botswana inali ndi miyala ya dayamondi, pomwe Cabo Verde inalibe mgodi wodalirika ngakhale umodzi. Chaka chomwecho dzikoli linachita mgwirizano wapadera ndi bungwe la European Union, ndipo mu July 2008 linalowa m'bungwe loona zamalonda pa dziko lonse la WTO.

Ulemu umenewu unali ndi mtengo wake. Dziko likatuluka m'kaundulayu, pang'onopang'ono limataya mwayi wolandira mphatso za ndalama ndi ngongole za chiwongoladzanja chotsika. Chipsinjo chinakulanso chifukwa mu 2008 chuma cha dziko lonse chinagwedezeka, ndipo maiko a ku Ulaya omwe Cabo Verde imadalira, monga Portugal ndi Spain, anali m'gulu la omwe anavutika kwambiri. Ndalama za oyambitsa mabizinesi ochokera kunja zinachepa, ndipo chuma chomwe chinkakula mofulumira zaka zam'mbuyomo chinazilala.

Kubwereka khomo lisanatsekeke

Boma la a Neves, momwe Mayi Duarte ndiwo ankasunga thumba, linasankha kubwereka kwambiri pamene ngongole zotsika mtengo zinali zikupezekabe, n'kuika ndalamazo m'zomangamanga. Pa zaka zimenezi misewu ndi madoko zinakonzedwa, mabwalo a ndege a ku Boa Vista ndi São Vicente anayamba kulandira ndege zochokera kunja, ndipo madamu osungira madzi a ulimi wothirira anamangidwa pa chilumba cha Santiago. Mu 2011 makina opanga magetsi kuchokera ku mphepo a kampani ya Cabeólica anayamba kugwira ntchito. Panalinso ndondomeko yomanga nyumba za anthu wamba, yotchedwa Casa para Todos, yomwe inalipiridwa ndi ngongole ya mayuro 200 miliyoni yochokera ku Portugal. Mu 2012 dzikoli linasainirananso kachiwiri mgwirizano wa thandizo ndi bungwe la Millennium Challenge Corporation la ku United States, wa ndalama zoposa madola 66 miliyoni.

Zotsatira zake zinali za mbali ziwiri. Zilumba zomwe kale zinali zovuta kufikako zinatseguka, ndipo dzikoli linapitiriza kutchulidwa pakati pa maiko oyendetsedwa bwino mu Africa. Koma ngongole ya boma, yomwe mu 2008 inali yosakwana 70 peresenti ya chuma chonse chomwe dzikolo limapanga pa chaka, inali itadutsa 120 peresenti pofika mu 2015. Pakati pa 2012 ndi 2015 chuma chinkangokula ndi pafupifupi 1 peresenti pa chaka, ndipo makampani aboma monga ya ndege ya TACV ndi ya magetsi ya Electra ankalemetsa bajeti. Kuphulika kwa phiri la moto pa chilumba cha Fogo mu November 2014, komwe kunawononga midzi ndi minda, kunaonjezera mtolo.

Mbali ya boma inkanena kuti gawo lalikulu la ngongolezo linali la chiwongoladzanja chochepa ndi nthawi yaitali yobwezera, kotero kuti kubweza kwa chaka ndi chaka kunali kotheka. Chipani chotsutsa cha MpD chinkati zomangamangazo sizinabweretse ntchito zokwanira kwa achinyamata. Pa chisankho cha March 2016 chipani cha MpD chinapambana, a Ulisses Correia e Silva anakhala nduna yaikulu, ndipo unduna wa zachuma unapita kwa a Olavo Correia.

Mpikisano wa ku Abidjan

Asanachoke m'boma, Mayi Duarte anapikisana nawo pa mpando wa mtsogoleri wa banki ya chitukuko ya African Development Bank. Iwo anali mayi woyamba kuima pa chisankho chimenechi. Opikisana analipo asanu ndi atatu, kuphatikizapo a Thomas Sakala a ku Zimbabwe, omwe ankathandizidwa ndi maiko a m'bungwe la SADC. Pa chisankho chomwe chinachitika pa 28 May 2015 mumzinda wa Abidjan ku Côte d'Ivoire, Mayi Duarte anafika m'chigawo chomaliza cha anthu atatu. A Akinwumi Adesina a ku Nigeria ndiwo anapambana, a Kordjé Bedoumra a ku Chad anakhala achiwiri, ndipo mayiwa anakhala achitatu.

Pambuyo pa unduna

Mu 2016 Pulezidenti Paul Kagame wa ku Rwanda anawaika m'gulu la alangizi omwe anamuthandiza kukonza ndondomeko yosintha kayendetsedwe ka bungwe la African Union. M'gululi munalinso a Donald Kaberuka, a Carlos Lopes, a Strive Masiyiwa a ku Zimbabwe ndi a Tito Mboweni a ku South Africa. Imodzi mwa nkhani zikuluzikulu pa kusinthaku inali yakuti bungweli lizidzilipirira lokha, m'malo modalira maiko opereka thandizo. Mayi Duarte anachitaponso kafukufuku pa sukulu ya zaulamuliro ya yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg.

Mu July 2020 mlembi wamkulu wa United Nations, a António Guterres, anawasankha kukhala mlangizi wapadera pa nkhani za Africa, kulowa m'malo mwa Mayi Bience Gawanas a ku Namibia. Pa udindowu mfundo yomwe anaitsindika mobwerezabwereza inali yakuti maiko a mu Africa ayenera kulimbitsa katoleredwe ka misonkho, kutseka mipata yomwe ndalama zimatulukira mozemba, ndi kumanga nthambi zaboma zodalirika, kuti chitukuko chizilipiridwa ndi chuma cha m'dziko momwemo.

Mfundo imeneyi inachokera pa zomwe anaziona okha ku Praia. Kuchokera mu 2007 maiko enanso atuluka m'kaundula wa osaukitsitsa, kuphatikizapo Equatorial Guinea mu 2017 ndi São Tomé ndi Príncipe mu 2024, ndipo lililonse limakumana ndi funso lomwe lija la komwe ndalama za chitukuko zichokere. N'chifukwa chake zaka khumi za Mayi Duarte, pamodzi ndi misewu, madoko ndi ngongole zomwe zinatsalira, zimaunikidwabe ndi maiko omwe akuyembekezera kuyenda njira yomweyo.