Mowa wa Kunja ku Fort Jameson

Angoni a Mpezeni atagonja m'caka ca 1898, Azungu anamanga boma la Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero. Njanje kunalibe. Mabokosi a whisky ndi vinyo anali kukwera Zambezi pa sitima kucokera ku Chinde, ndipo pofika ku Tete amtengatenga anali kuwasenza pamutu masiku ambiri. Koma wosenzayo sanaloledwe kulawako, pakuti pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mowa waukali kwa eni dziko m'maiko onga lino. Cotero mowa wolowa unali wocepa, wa Azungu okha. M'midzi anthu anafulula wao wa cimera, natcheza kacasu mobisa, amene dzina lace linacokera kwa Apwitikizi.

Itatha nkhondo yaciwiri lamulolo linafewa pang'onopang'ono, ndipo mowa wa m'botolo unayamba kudza pa malole kudzera mu Great East Road. Koma Lusaka ndi kutali, Malawi ndi pakhomo. Carlsberg atayamba kufulula ku Blantyre mu 1968, mabotolo ace analowa pa Mwami, ena pa njinga m'tinjira ta kuthengo kumene wamsonkho safika.