Chikalata cha malo chili ndi tsiku lake lothera: phunziro la mbiri ya Chitipa

Ambiri a ife okhala m'mbali mwa nyanja timaidziwa Chitipa ngati malekezero a dziko lathu, kumene Malawi amakumana ndi Tanzania ndi Zambia. Komabe alipo abale athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amene anakwera mtunda umenewo ndi malonda a usipa, nsalu ndi kaunjika. Ena akuchita lendi mashopu ndi nyumba pa boma, ena anapeza malo a lizi n'kumangapo. Onsewa ali ndi funso limodzi lomwe ifenso kuno kunyanja tili nalo: kodi pangano limene tikukhalira pamalo pano linalembedwa, linalowa m'kaundula wa boma, ndipo likadali ndi moyo? Mbiri ya boma la Chitipa ikuyankha chifukwa chake funsoli silofunika kulinyozera.

Pepala lisanafike, malo a ku Chitipa anali m'manja mwa mafumu ndi mabanja. Alambya, Asukwa, Andali, Anyiha, Atumbuka ndi mitundu ina anali ndi njira zawo zogawira minda pansi pa maufumu monga a Mwaulambya, Mwenemisuku, Kameme, Mwenewenya ndi Nthalire. Mlendo akafuna pokhala ankapita kwa mfumu, mfumu inkamulozera malo pamaso pa akuluakulu, ndipo kaundula wake anali mitima ya mboni zimenezo. Dongosololi linkagwira ntchito chifukwa onse okhudzidwa ankadziwana, ndipo nthaka sinkatengedwa ngati katundu wogulitsa.

Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 1881, pamene Azungu a ku Scotland anayamba kulambula msewu wa Stevenson, wolumikiza nyanja yathu ndi nyanja ya Tanganyika. Msewuwo unachokera ku Karonga n'kudutsa m'dera limene lero ndi Chitipa. Kampani ya African Lakes inatsegula sitolo ku Karonga, ndipo kuyambira 1887 inalowa m'nkhondo ndi Mlozi, wamalonda wachiswahili amene ankagula minyanga ndi akapolo. Nkhondoyo inatha mu 1895 pamene Mlozi anagwidwa n'kunyongedwa. M'zaka zomwezo nthumwi za kampani zinkayenda kwa mafumu ndi mapepala a mapangano olembedwa m'Chingerezi. Mafumu ankaikapo zizindikiro zawo, nalandira nsalu ndi mphatso zina zazing'ono. Kwa iwo umenewo unali ubwenzi ndi chitetezo pa nthawi ya nkhondo. Kwa kampani mapepalawo anali umboni wakuti yagula dziko.

Harry Johnston atakhala woyang'anira dziko lino m'malo mwa Britain mu 1891, anayamba kuunika madandaulo a Azungu onse amene ankati anagula malo. Amene anawavomereza anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Malo onse amene anaperekedwa motere anakwana maekala pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo gawo lalikulu koposa, maekala pafupifupi 2.7 miliyoni, linali m'boma limene atsamunda ankalitcha North Nyasa, lomwe linkaphatikiza Karonga ndi Chitipa. Pambuyo pake malowa anakhala m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, yomwe maso ake anali pa miyala ya mtengo wapatali ya pansi pa nthaka.

Tiganizire tanthauzo la zimenezi. Mlimi wa ku Misuku ankadzuka m'mawa kupita ku munda umene anasiyiridwa ndi atate ake. Ankaika maliro pa manda a makolo ake, nalipira msonkho ku boma la Fort Hill, lomwe ndi dzina lakale la Chitipa. Koma pa malamulo a nthawi imeneyo, munda, manda ndi phiri lomwe zinali za kampani imene likulu lake linali ku London. Kwa zaka pafupifupi makumi anayi anthu a dera lonselo anali alendo pa nthaka yawo, ambiri osadziwa n'komwe. Chimene chinawapulumutsa n'chakuti kampaniyo sinatsegule minda kumeneko, popeza kunali kutali ndi njanji ndi misika. M'zaka za m'ma 1930 inabweza nthakayo ku boma, nisunga ufulu wa miyala yokha, ndipo lamulo la 1936 linaika malo otere m'gulu la nthaka yosungidwira eni dziko.

Kuti tione chimene chikanawagwera anthu a ku Chitipa, tiyang'ane ku mapiri a Shire, kumene zikalata zomwezo zinagwiritsidwa ntchito mpaka kumapeto. M'zikalata zambiri munali mawu oteteza midzi ndi minda imene inalipo kale, kuti isasunthidwe popanda chilolezo cha boma. Koma makolo athu ankasamutsa minda nthaka ikaguga, ndipo banja likangosuntha, eni esiteti ankati chitetezo chija chathera pa munda wakale. Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique analibe chitetezo chilichonse. Motero lendi inasanduka thangata, ntchito yokakamizidwa ya pa esiteti m'malo mwa ndalama. Mu 1903 woweruza Joseph Nunan anadzudzula mapangano otere m'khoti, koma mchitidwewo unapitirira. Unali umodzi mwa madandaulo amene anabala kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 ku Chiradzulu. Lamulo la 1928 linayesa kuika malire a lendi ndi a kuthamangitsa anthu, koma thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962. Ena mwa amene anasenza goli limeneli ku Zomba ndi ku Chiradzulu anali makolo athu achiyao. Mbali imodzi inali ndi chikalata cholembetsedwa, mbali inayo inali ndi mawu a pakamwa, ndipo pa mlandu chikalata ndicho chinkamveka.

Ufulu utabwera, lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka ya dziko lino patatu: malo a boma, malo a munthu payekha, ndi malo a mafumu. Malo a mafumu anaikidwa m'dzina la Pulezidenti, ndipo nduna inapatsidwa mphamvu zowasandutsa a boma kapena kuwapereka pa lizi. Anthu a ku Chitipa anaona mphamvu imeneyi ndi maso awo mu 1978, pamene nkhalango ya Nyika inakulitsidwa. Mabanja ambiri a kumwera kwa bomali ndi a ku Rumphi anasamutsidwa m'midzi yawo, ndipo analibe pepala loti aonetse. Mpaka lero zidzukulu zawo zikuikambabe nkhaniyo.

Lizi ndiyo inakhala njira ya Mmalawi wamba yopezera chikalata. Lizi ndi pangano la lendi pakati pa boma ndi munthu: boma likubwereketsa malo kwa zaka zowerengeka, pa ntchito yotchulidwa, ndipo wobwerekayo amalipira ndalama chaka ndi chaka. Malo a m'tauni kawirikawiri ankaperekedwa kwa zaka 99, pamene malo ambiri a ulimi ankaperekedwa kwa zaka 21. Popeza kufikira 1990 lamulo linkalola maesiteti okha kulima fodya wa bale, alimi ambiri anathamangira kusandutsa minda ya makolo kukhala ya lizi. Maesiteti amene anali mazana ochepa mu 1970 anapitirira 14,000 pofika 1989. Ambiri anali ang'onoang'ono, a mabanja wamba, makamaka m'chigawo chapakati ndi cha kumpoto.

Apa ndi pamene pagona phunziro lalikulu. Lizi ya zaka 21 imene inatuluka mu 1985 inatha mu 2006. Pamene mapepala a malizi anaunikidwa ndi kuikidwa m'kompyuta m'zaka zapitazi, zinapezeka kuti ambiri mwa malizi a maesiteti a ulimi anali atatha kale nthawi, ndipo eni ake sanapemphe kuti awonjezeredwe. Pa lamulo la 1965, malo a mafumu amene alowa mu lizi sankabwereranso kwa mfumu nthawi ikatha, koma ankakhala a boma. Choncho banja limene linatenga lizi pofuna kuteteza munda wa makolo, likalekerera, linkatsala lopanda zonse ziwiri: chikalata chafa, ndipo njira ya chikhalidwe inatsekeka kale.

Chifukwa chiyani anthu analekerera? Choyamba, ambiri ankaganiza kuti lizi ndi kugula, ndipo pepala likalowa m'sutikesi ndiye kuti nkhani yatha. Chachiwiri, amene anasayina anamwalira, ana n'kulowa m'malo osasintha dzina, ena osadziwa n'komwe kumene chikalata chili. Chachitatu, ndalama ya pachaka inaunjikana kukhala ngongole, ndipo anthu ankaopa kuti akaonekera ku ofesi aitosa. Chachinayi ndi mtunda. Ofesi yaikulu ya za malo ya chigawo cha kumpoto ili ku Mzuzu. Munthu wa ku Chitipa amayenera kutsika makilomita pafupifupi 100 kufika ku Karonga, kenaka enanso oposa 200 kufika ku Mzuzu, ndipo msewu wa Karonga ndi Chitipa unakhala wafumbi kwa zaka pafupifupi makumi asanu chilandirire ufulu. Kwa mlimi wa ku Kameme kapena ku Nthalire, ulendo wokafunsa za pepala unali wa masiku angapo ndi ndalama zambiri.

Boma linaona mavutowa. Pambuyo pa ndondomeko ya za malo ya 2002, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano mu 2016, omwe anakonzedwanso mu 2022. Tsopano banja likhoza kulembetsa malo a makolo m'dzina lake kudzera m'komiti ya za malo ya m'dera la gulupu, momwe amayi ali ndi mipando yawo, ndipo umwini wotere sumatha ndi zaka ngati lizi. Koma malamulo atsopanowa sanadzutse malizi amene anafa. Aliyense wokhala pa malo a lizi akuyenerabe kudziwa tsiku limene lizi yake inayamba, zaka zimene inapatsidwa, ndi ntchito imene inalembedwapo, ndipo akuyenera kupempha kuwonjezera nthawi isanathe.

Kwa Msilamu zimenezi si zachilendo. M'mabuku a fiqh muli mutu wa ijara, womwe ndi malamulo a kubwereketsa chinthu kapena ntchito pa malipiro. Maulamaa anafotokoza kuti pangano lotere limakhala lolondola ngati chobwerekedwacho chikudziwika, phindu lake likudziwika, malipiro akudziwika, ndiponso nthawi yake ikudziwika. Umodzi mwa maumboni awo ndi nkhani ya Mneneri Musa (alayhi salaam) mu Surat Al-Qasas, amene anagwirizana ndi apongozi ake pa zaka zotchulidwa za ntchito, zisanu ndi zitatu kapena khumi. Ndipo ndime yaitali koposa m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surat Al-Baqara, ikulamula kulemba ngongole ya nthawi yoikika ndi kuikapo mboni. Abale athu ogwira ntchito ku Dubai amadziwa kuti kumeneko pangano la lendi ya nyumba limalembetsedwa ku boma m'dongosolo lotchedwa Ejari, ndipo limalembetsedwanso likakonzedwa mwatsopano. Dzinalo ndi la muzu womwewo wa ijara. Nthawi ikatha, pangano latha, ndipo kupitiriza kumafuna kugwirizananso.

Nanga ife tili pati? M'maboma ngati Chitipa, kumene Asilamu ndi ochepa ndipo ambiri anachita kubwera, mzikiti kapena madrasa kawirikawiri amayambira pa malo amene munthu wokoma mtima anapereka, kapena m'nyumba ya lendi. Kuno kunyanja nakonso kuli mizikiti yambiri imene inamangidwa pa mawu a mfumu imene inamwalira kalekale, ndi ina imene lizi yake ili m'dzina la munthu mmodzi m'malo mwa matrasti. Malinga wopereka ali moyo, palibe vuto. Vuto limadza ndi m'badwo wachiwiri, pamene mtengo wa malo wakwera ndipo mboni zonse zili kumanda. Chakudza sichiimba ng'oma.

Choncho komiti iliyonse ya mzikiti, ndiponso bambo kapena mayi aliyense wosunga banja, atulutse chikalata chake nachiwerenge pamaso pa ana. Aone dzina limene lalembedwapo, ngati mwini dzinalo akadali moyo. Awerengere zaka zimene zatsala. Afufuze malisiti a ndalama ya pachaka, ndipo ngati pali ngongole apite ku ofesi ya za malo ya pa boma akakambirane, chifukwa safunsa anadya phula. Wochita lendi shopu kapena nyumba asakhutire ndi kugwirana chanza. Alembe ndi eni nyumba mtengo, tsiku loyamba, tsiku lothera, nthawi ya chidziwitso asanatulutsidwe, ndi yemwe adzakonze zowonongeka, ndipo pakhale mboni ziwiri. Chaka chikamatha akhalenso pansi alembe pangano latsopano, ngakhale mtengo usanasinthe. Ngati lendiyo ndi ya zaka zambiri, afunse ku ofesi za kuilowetsa m'kaundula. Nawonso eni nyumba achisilamu adziwe kuti pepala limeneli likuteteza iwo ku tchimo la kukweza lendi mwadzidzidzi kapena kutulutsa banja mopanda chilungamo.

Makolo a ku Chitipa anakhala zaka makumi anayi pansi pa chikalata chimene sanathe kuchiwerenga, cholembedwa m'chilankhulo chachilendo ndi kusungidwa kutali. Ife tili ndi ana odziwa kuwerenga, ofesi tikuidziwa, ndipo msewu wopita kumeneko ndi wa phula. Malo amene tikupempherapo, kugulitsirapo ndi kulererapo ana ndi amana imene tidzasiyire otibwera m'mbuyo, ndipo tiwasiyire pamodzi ndi chikalata chamoyo. Allah atipatse nzeru zosunga mapangano athu.